Zitatu kumanzere, ziwiri kumanja

Pa tebulo langa logwirira ntchito pali peyala imodzi ya ndolo imene sindigulitsa. Anthu andifunsapo mtengo wake, mayi wina mpaka anatulutsa madola 20 n'kuwayala pamaso panga, ine n'kukana. Si kuti n'zokongola kuposa zinzake ayi. N'zolemera, m'mbali mwake simunasalale, ndiponso zili ndi bodza. Amene anandigwira bodzalo ndi agogo anga, Lamlungu lina masana ku Mabvuku, mu Harare muno ku Zimbabwe, ndipo mpaka lero ndikati ndikhale pansi ndiyambe kusula, mawu awo ndi amene amayamba kundifika m'mutu.

Zaka za mapu

Kupanga ndolo ndinayamba mu 2017, saluni imene ndinkalukako tsitsi itatsekedwa. Inali nthawi ya ma bond note ija, ndalama zamapepala zimene boma linatulutsa madola a ku America atasowa, anthu akugona pa mizere ya ku banki, ndipo ine ndinkangofuna kantchito ka manja koti ndizipezako ya ufa. Mphunzitsi wanga anali YouTube, pakati pa usiku, ana atagona.

Ndinkapanga zimene aliyense amapanga. Mabatani okuta ndi kansalu ka chitenje, chimene kuno amati zambia. Mapu a Africa odula pa kathabwa kopyapyala. Mikanda yofiira, yachikasu, yobiriwira ndi yakuda. Makoko a jakaranda otola m'misewu ya ku Avenues, opaka vanishi. Tebulo langalanga pa msika wa ku Avondale ndinalibe, katundu ndinkasiya kwa mayi wina amene ankadulapo yake pa peyala iliyonse. Loweruka lina ndinayenda mzere wonse kuwerenga matebulo amene anali ndi mapu a Africa, ndinapeza asanu ndi awiri. Wina akanatenga ndolo zanga n'kuzisakaniza ndi za pa tebulo loyandikana nalo, ine mwini wake sindikanatha kuzisankha.

Koma zinkagulidwa. Madola 3, nthawi zina 2 wogula akakhala wouma mutu. Chinanso n'chakuti sizinkandiulula. Munthu ukamagulitsa mapu a Africa palibe amakufunsa kuti kwanu n'kuti.

Funso limenelo ndinkalithawa. Inu amene munakulira ku Mabvuku, ku Tafara, ku Mufakose kapena ku Epworth mukudziwa mmene zimakhalira. Chichewa n'cha m'nyumba, cha ku tchalitchi ndi cha pa maliro. Ukakwera kombi chimayamba kuchepa, pomatsika m'tauni pa Fourth Street chatheratu, watsala ndi Chishona ndi Chingerezi. Ku sukulu ankatitcha Mabhurandaya, ngati kuti tonse tinachokera ku Blantyre, pamene kwathu ndi ku Dedza, ndipo ku Dedzako ine sindinapondeko. Chitupa cha amayi anga chinakhala ndi mawu akuti alien, kutanthauza mlendo, zaka zambiri, munthu wobadwira mu Harare momwe muno. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anakonzako zimenezi, ndipo pa zilankhulo 16 zimene anazivomereza, chathu ndi chimene chili pamwamba pa mndandanda, ngakhale kuti anangotsatira alifabeti. Zimenezo n'za pa pepala. Ine pa msika ndinali Mshona basi, ndipo ndolo zanga zinali za aliyense.

Paipi ya pulambala

Mkuwa unandipeza wokha. Pulambala wina wa mu layini mwathu anali ndi tizidutswa ta paipi ya mamilimita 22 totsala pa ntchito, anandipatsa todzaza chitini cha penti kuti ndione ngati ndingachite nato kanthu. Waya wa mkuwa ndiye sindiukhudza n'komwe. Kuno lamulo la mkuwa n'lolimba chifukwa cha akuba mawaya a magetsi, ndipo ine sindikufuna kukafotokozera apolisi za ndolo. Zanga ndi paipi zokha, ndipo ndimadziwa dzanja limene landipatsa.

Paipi ukaicheka chamlitali ndi sowo n'kuitambasula, umapeza kachitsulo kafulati, m'lifupi mwake pafupifupi masentimita 7. Koma mkuwa uli ndi khalidwe lake. Ukamaumenya umanka nulimba, ndipo ukaukakamiza umang'aluka. Umafunika kuubwezera pamoto mpaka ufiire pang'ono ngati khala limene likuzirala, n'kuuviika m'madzi. Pamenepo umafewa moti umapindika ndi zala. Moto wanga ndi wa mbaula. Pochoka pamotopo umakhala utada bii, ndiye ndimauviika mu viniga wofunda wothira mchere mpaka uyere. Posulira panga ndi chidutswa cha njanji chimene ndinagula ku Magaba, ku Mbare, kwa anyamata a zitsulo aja, amene anandifunsa ngati ndikufuna kuyambitsa sitima yangayanga. Tchizulo ndinapanga ndekha ndi msomali wa mainchesi 6, kuuphwatalitsa kunsonga n'kuunola ndi tupa.

Miyezi iwiri ndinangosula timasamba ndi timalundu topanda nkhani. Usiku wina magetsi atazima, ndili pa kandulo, ndinamenya tchizulo katatu pa kachidutswa kooneka ngati tsamba, mizere itatu yoimirira moyandikana. Nditakakweza pa kuwala, ndinaona tsaya la agogo.

Agogo ali ndi mphini kumaso. Osati za mankhwala, koma zodzikongoletsera zija za atsikana akale. Ndinakula ndikuziona, ndili kamwana ndinkazitsata ndi chala nditakhala pa miyendo pawo. Usiku umenewo ndinasula kachiwiri kuti kafanane ndi koyambako. Kuti mizere ioneke, ndinaika ndolozo m'kapulasitiki pamodzi ndi dzira lowiritsa lophwanyaphwanya, n'kumanga mpaka m'mawa, poti mpweya wa dzira umadetsa mkuwa. Kutacha ndinapukuta pamwamba ndi sandipepa wosalala, kuda kuja kunatsala m'mizere mokha. Zitatu uku, zitatu uku. Kanali koyamba kupanga chinthu chimene sindinachione pa foni.

Ndinazikulunga m'kapepala n'kuzibisa m'kabati milungu itatu. Ndinkazitulutsa, kuziyang'ana, n'kuzibwezera.

Lamlungu lija

Agogo anafika ku Salisbury, amene pano ndi Harare, mu 1958, nthawi ya Chitaganya, potsatira amuna awo amene ankaphika kwa mzungu ku Highlands. Agogo aamunawo anatisiya kale, anagona konkuno ngati matchona anzawo ambiri. Agogo aakazi, anaBanda, akadalipo. Miyendo yayamba kukana, koma maso akuona bwinobwino, ndipo pakamwa ndiye musanene.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba titaweruka ku tchalitchi, ali pa mkeka, lichero lili pa miyendo, akusadzula nkhwani. Ndinagwada pambali pawo.

"Agogo, ndabwera ndi kanthu koti muone."

"Ngati si shuga bwerera nako, mkazi mnzanga."

Ndinamasula kapepala kaja. Anapukuta manja pa chitenje, anatenga imodzi, kuiyandikitsa kumaso, kuitembenuza. Anayendetsa chikhadabo m'mizere muja, umodziumodzi. Anaiika pa bondo n'kutenga inzake, nayonso chimodzimodzi. Sanafunse kuti n'chiyani. Anati:

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndinu, agogo."

"Ine ayi."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala zawo za masiku onse. Iwo sanaseke.

"Iwe, wandiyang'ana zaka zingati?"

"Chibadwire, agogo."

"Ndiye tawerenga."

Anandigwira dzanja, zala zawo zikununkhira nkhwani, n'kuliika pa tsaya lawo lamanzere. Imodzi, ziwiri, zitatu. Anatembenuza mutu n'kuliika kumanja. Imodzi, ziwiri. Ndinafufuza yachitatu m'makwinya, ndinakoka khungu pang'ono kuti mwina yabisala. Panalibe. Zaka 31 ndikuyang'ana nkhope imeneyi, kuipukuta thukuta akadwala, kuipaka mafuta, koma sindinawerengepo.

Nkhani yake anaifotokoza manja akupitiriza ntchito, ngati akunena za mtengo wa tomato. Anawatema ndi azakhali awo, pa khonde, atsikana anayi tsiku limodzi. Ankatema ndi lumo n'kupakamo makala osinja kuti chipsera chide. Kumanzere anapirira, analuma mlomo mpaka zitatu zinakwana. Kumanja, pa yachiwiri, lumo linalowa kwambiri. Anakankha azakhali aja n'kuliyatsa liwiro la kudimba, magazi ali chuchuchu, n'kukabisala mu nzimbe mpaka dzuwa kulowa. Atabwerera anakana kwamtuwagalu kuti awamalize. Anzawo atatu aja anawaseka chaka chathunthu, mpaka kuwapekera nyimbo pa mtondo.

"Agogo ako aamuna anandikwatira choncho. Ankati akakhala kumanzere kwanga ali ndi mkazi wina, akakhala kumanja ali ndi winanso. Mitala yaulere."

Apa ndiye anaseka, ine n'kuseka nawo. Koma anapitiriza, mawu atatsika. Atafika ku Salisbury, dona wa ku Highlands uja anawafunsa kudzera mwa amuna awo kuti anawavulaza ndani. M'basi anthu ankawayang'ana patsaya asanawayang'ane m'maso, ndipo asanatsegule pakamwa aliyense ankadziwa kale kuti uyu ndi wa ku Nyasaland. Anaphunzira kumanga duku motsitsa. Pa ana awo aakazi atatu palibe amene anatemedwa, ndipo palibe amene anawafotokozera chifukwa chake.

Kenako anatola ndolo ya kumanja ija n'kuigwedeza pamaso panga.

"Ndiye iwe wabwera kudzandimalizitsa. Azakhali anga analephera ndi lumo, iwe wakwanitsa ndi msomali."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chiyambire ntchito imeneyi. Ndinkadziona ngati ndachita zakupsa, ndasiya zokopera pa foni ndapanga zakwathu. Koma dzanja limene linawonjezera mzere wachitatu ndi lomwe lija la mapu a Africa, lozolowera kukonza chinthu kuti chioneke mmene wogula akuchiyembekezera. Sindinasule agogo anga. Ndinasula gogo wongoganizira, woti akhoza kukhala wa aliyense.

Ndinayesa kudziteteza. "Komatu agogo, ndolo zimayenera kufanana. Zikasiyana anthu aziti ndalakwitsa, sagula."

"Makutu akowo akufanana? Tapita ukadziyang'ane pa galasi."

Ndinapitadi madzulo ake. Lamanzere ndi lotsikirapo pang'ono, ndipo mabowo ake sali pamodzimodzi, poti anandiboola ndi achemwali anga ndi singano yosokera ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Agogo sanandiuze kuti ndikapange zina, sanandiletsenso. Anandibwezera ndolo zija n'kubwerera ku lichero lawo. Ndikudzuka ndi pamene anawonjezera kuti, "Zalemeranso. Ukufuna kung'amba makutu a ana a eni?" Nditakaziyeza pa kasikelo ka mnzanga wogulitsa zokometsera ndiwo, iliyonse inali magalamu 14. Apanso ananena zoona.

Kuzitulutsa poyera

Kusula zatsopano sikunavute. Ndinapyapyalitsa mkuwa, kuubwezera pamoto katatu, mpaka ndolo imodzi inatsika kufika magalamu 5. Zokolekera kukhutu ndinasiya kupanga zamkuwa, poti mkuwa ukakumana ndi thukuta umasiya zobiriwira pakhungu, ndipo zotchipa za m'tauni zija zambiri zimakhala ndi nickel amene amayabwitsa anthu ena mpaka khutu kutupa. Ndinayamba kugula za stainless steel, zodulirapo koma zopanda milandu. Kumanzere mizere itatu, kumanja iwiri. Pa wachiwiri wa kumanjawo ndimamenya tchizulo mwamphamvu kuti ulowe kwambiri, monga linachitira lumo lija.

Chovuta chinali kuzionetsa. Ndinazijambula pa chitenje chakale cha agogo, m'mawa dzuwa lisanakwere, n'kukhala ndi chithunzicho mu foni masiku anayi. Sikuti ndinkaopa kuti anthu anena kuti n'zonyansa. Ndinkadziwa kuti ndolo zimenezi sizingayende zokha popanda nkhani yake, ndipo nkhani yake ndikainena, ndanena kuti ndine ndani. Makasitomala anga a ku Avondale ndi ku Borrowdale, amene ankandidziwa ndi dzina langa la Chingerezi, adziwa kuti mtsikana wa ndolo uja ndi Mubhurandaya wa ku Mabvuku.

Tsiku lachisanu ndinaika pa status ya WhatsApp ndi pa Facebook. Mawu ake ndinalemba m'Chichewa, koyamba chitsegulire tsamba la bizinesi yanga, Chingerezi n'kubwera pansi. Nditatero ndinazimitsa foni n'kupita ku mjigo kukatunga madzi.

Woyamba kuimba anali azakhali anga.

"Mwana iwe, zinthu zimene amayi anavutika nazo moyo wawo wonse, iwe ukuziyanika pa intaneti? Anthu a ku tchalitchi aziti chiyani? Aziti kubanja kwa uje ayamba kugulitsa mphini?"

Ndinawauza kuti agogo anaziona. Anati agogo ndi okalamba, sadziwa kuti Facebook n'chiyani. Pamenepo ndinasowa choyankha, chifukwa zinali zoona. Ndipo mantha awo sanali opanda pake. Masiku ano munthu akamva za mphini amaganiza za kwa sing'anga, ndipo ife a kuno takhala tikunenedwa za ufiti ndi zithumwa kuyambira kalekale. Azakhali anakula akulimbana ndi mbiri imeneyo, yunifolomu yawo ya ku tchalitchi yochapa ndi yosita bwino kuposa ya wina aliyense. Ine ndinabwera n'kufukula zimene iwo anakwirira. Anakhala miyezi iwiri osandilankhula. Lamlungu lotsatira ndinapita ndi foni kwa agogo, kuwaonetsa chithunzi chija n'kuwafotokozera kuti chikuonedwa ndi anthu mpaka ku Joni ndi ku Malawi, ndipo akafuna ndichichotsa pomwepo. Anachiyang'ana n'kufunsa chifukwa chimene ndinasankhira chitenje chong'ambika pamene ali ndi zatsopano m'sutikesi.

Pa Facebook amene anadina kuti azikonda anali ochepa, ochepa kuposa a zithunzi za mapu. Koma amene analemba analemba zazitali. Mayi wina wa ku Bindura, wobadwira pa mgodi, anati agogo ake anali nazo pamphumi ndipo anamwalira popanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Mnyamata wina ku Johannesburg anatumiza chithunzi cha agogo ake a Chiyao, chipini chili pamphuno, kufunsa ngati ndingamupangire kanthu ka mkazi wake. Bambo wina wa ku Lilongwe sananene chilichonse za ndolo, anangondikonza Chichewa, ati ndasakanizamo Chishona pawiri. Analondola, ndipo ndinakonza, ngakhale zinandiwawa.

Ku msika zinayamba moipa. Mayi wa tebulo uja anandiimbira kuti kasitomala wabweza peyala, ati imodzi sinamalizidwe. Iye mwini anandilangiza mwachikondi kuti ndizionetsetsa ndisanabweretse katundu. Mwezi woyamba zinagulidwa mapeyala atatu okha, pamene mapu ndikanagulitsa makumi awiri. Lendi ya mwezi umenewo ndinakwaniritsa ndi ngongole ya kwa achemwali. Walira mvula walira matope. Ndinayamba kulemba nkhani ija pa kakhadi, mizere inayi yokha, n'kukolekapo ndolozo, ndipo Loweruka ndinkapita kukaima ndekha pa tebulo kuti wofunsa ndimuyankhe ndi pakamwa panga. Mtengo ndinaika madola 12. Ena ankangomva mtengowo n'kuchoka. Ena ankawerenga kakhadi kaja kawiri, n'kuyamba kundiuza za agogo awo, Ashona omwe, poti nawonso akale awo ankatema nyora.

Ndinayesanso shopu ina ya mphatso ku mayadi. Mwini wake anaziyamikira, koma anati alendo ake amafuna zinthu za Zimbabwe, izi n'za ku Malawi. Ndinangoti zikomo n'kutuluka. Yankho linandibwerera ndili kale mu kombi, monga mwa masiku onse. Ziboliboli zamiyala zimene zadzaza m'shopu mwakemo, zimene dziko lonse limazitcha za Chishona, mbiri yake imadutsa ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, kumene Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema mu 1966. Ambiri mwa osema oyambirira kumeneko anali antchito a m'mafamu a fodya ochokera ku Malawi, ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Angola, Achewa ndi Ayao ali momwemo. Manja athu akhala ali m'zinthu za Zimbabwe kuyambira kale, dzina lokha ndi limene silinkalembedwa. Mkuwa wanga ndi wa paipi ya ku Mabvuku, njanji ndi ya ku Mbare, ndipo nkhope imene ndikusulayo yakhala mu mzinda uno kuyambira dzina la Harare lisanalowe m'malo mwa Salisbury mu 1982. Kaya Zimbabwe winayo ndi uti.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndinaziona pa tebulo la munthu wina, zachitsulo chopyapyala chopaka utoto wa golide, madola 2. Mtima unandipsa. Nditaziyandikira ndinawerenga mizere: zitatu uku, zitatu uku. Ndinangoseka n'kupitirira.

Zimene sizinatuluke m'nyumba

Zinthu zikayamba kuyenda munthu umayamba kudzimva. Ndinaganiza kuti ngati mphini zatheka, ndiye chilichonse chakwathu ndi changa choti ndisule. Ndinakhala milungu iwiri ndikupanga kasiyamaliro wamng'ono wamkuwa, msana wokhota uja, tinyanga, kamchira, m'munsi ndikulendewetsa tingano ta mkuwa ngati makoko a chimanga. Kunena zoona, pa zonse zimene ndapangapo palibe yoposa imeneyo.

Mwayi wake, nkhani ya agogo inali itandiphunzitsa kufunsa. Safunsa anadya phula. Ndinapita nazo kwa amalume ku Tafara, amene ndi munthu wa kudambwe. Anaziyang'ana zili m'manja mwanga, osazigwira.

"Mphwanga, luso uli nalo. Koma nkhope ya amayi ndi yawo, anakupatsa okha. Ichi mwini wake si munthu mmodzi woti ungakamupemphe. Chimatuluka pa maliro, kudzaperekeza munthu. Ndiye chizikalendewera pa khutu la wina ali mu bala, botolo lili m'manja?"

Ndinalimbana nawo. Ndinati gule wamkulu UNESCO inamuvomereza mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, amavinidwa pa Kulamba ku Katete makamera ali mbwee, ndipo ku Mua kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yodzaza ndi zigoba zake zoti aliyense akaone. Ndinati kuno anzathu amangodziwa zvigure, monga amatchulira gule m'Chishona, ngati zinthu zoopsa zothamangitsa ana, bwanji osawaonetsa kukongola kwake? Amalume anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anati zonsezo n'zoona, koma amene anavomereza zimenezo ndi mafumu ndi eni dambwe, ndipo iwo sakukumbuka kuti ine ndinakhalapo pa bwalo limenelo.

Mpaka lero mbali ina ya mtima wanga imati amalume anaumitsa zinthu. Koma sindinazijambule, sindinaziike pa intaneti, ndipo pano ndangozifotokoza ndi mawu. Zili m'kachitini ka mafuta opaka nsapato, pansi pa bedi. Milungu iwiri ya ntchito ndi makala a madola angapo zinathera mmenemo.

Gawo la eni nkhope

Mapu ndikupangabe, ndisakunamizeni. Ndi amene amalipira fizi ya ana mwezi ukavuta. Koma theka la tebulo tsopano ndi la mkuwa, ndipo anthu ayamba kubwera ndi zithunzi za agogo awo kuti ndiwasulire zawozawo. Ndisanagwire tchizulo ndimawauza kuti akawerenge kaye, ndipo ngati mwini nkhope ali moyo akamufunse. Awiri anabwerako n'kundiuza kuti nambala imene ankaidziwa inali yolakwika.

Azakhali tinayambanso kulankhulana pa maliro a m'bale wathu ku Mufakose, tikutsuka mbale. Za ndolo sitinazitchule, ndipo sanavalepo.

Agogo ndiye anasanduka mwini bizinesi. Atamva kuti peyala ndi madola 12 anandiitanitsa, n'kundiuza kuti tsaya ndi lawo, lumo analimva ndi iwo, choncho dola imodzi pa peyala iliyonse ndi yawo. Lamlungu lililonse ndimakapereka malipoti. Ndalamazo amamanga pa mfundo ya chitenje, zina amapereka ku sosaite ya maliro, zina amagula fodya wa m'mphuno amene adokotala anawaletsa.

Lamlungu lapitali ndinawapeza pa mkeka pomwe paja. Nditapereka madola anayi a mlunguwo, ndinawauza kuti makasitomala akufunsa zatsopano, ndiye ndinafunsa ngati pali mphini zina zimene sindinazione, kaya pamsana kaya paphewa.

Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, ine n'kuthamangira madzi. Atamwa anapukuta pakamwa n'kundiyang'ana chammbali.

"Zilipo, mkazi mnzanga, zambirinso, ndipo kumeneko sindinathawe. Koma amene ankaziwerenga anagona kumanda."

Anawerenganso madola aja kachiwiri, n'kundifunsa ngati ndikunenetsa kuti mlungu wonse zinagulidwa zinayi zokha.